Dzino la azakhali ndi dzino la amalume

Pa mano awiri akuluakulu akutsogolo, am'mwambawa, ine ndinatsala ndi limodzi, lakumanzere. Linzake sanandigulule ndi chibakera, ndipo sindinagwe panjinga ayi. Linaphedwa ndi abale anga, masanasana, anthu akuimba nthungululu. Ana akandifunsa za gweru langali ndimangoti zinachitika kale, koma mumtima ndimatukwanabe mpaka lero.

Ndinakulira ku Nkope. Bambo anali kumigodi ku Joni, ndipo tinkawadziwira pa mabulangete omwe ankatumiza. Mayi anali munthu wa tchalitchi cha pamishoni, wofatsa mopitirira muyeso, woti ngakhale nkhuku ikalowa m'nyumba ankaipepesa poitulutsa. Ankasinja malambe, kusakaniza ndi shuga, n'kuumba timibulu togulitsa kwa ana asukulu. Wokhala pabeseni ndinali ine. Tsiku lonse kambulu kamodzi kankakhala pakati pa mlomo ndi mano akutsogolo, kakusungunuka pang'onopang'ono, kakatha ndinkaponyamo kena. Ndinachita zimenezi kuyambira ndili wamng'ono mpaka nditatha sukulu, ndili namwali.

Chaka chimenecho kunamveka kuti hotela ina ya m'mbali mwa nyanja, cha ku Nkopola, idzalemba atsikana operekera zakudya kwa alendo. Anabweretsa nkhaniyi ndi amalume, achimwene awo a mayi, omwe ankagwira ntchito komweko. Ntchito yawo inali kuyala mabedi ndi kusesa m'zipinda, koma mukanawamva akulankhula pamudzi mukanati hotelayo anamanga ndi iwo. Anati bwana wa kumeneko amayang'ana zinthu ziwiri basi, Chingerezi ndi mano. Chingerezi ndinali nacho chokwanira kunenera kuti chambo chatha. Ntchitoyo ndinkaifuna ndi mtima wanga wonse, chifukwa kupanda iyo chondidikira chinali beseni la malambe lomwelo kapena banja ndi msodzi wina aliyense yemwe akanayamba kufunsira.

"Tatsegula kukamwa tione," anatero amalume.

Ndinatsegula. Anawerama, n'kuyamwa mlomo ngati munthu wapeza mbewa m'thumba la ufa. Pa mano awiri akutsogolo aja, kumtunda pafupi ndi nkhama, panali mawanga oyera ngati choko, lililonse ndi banga lake. Sankapweteka. Ine ndinali nditawaona kale pagalasi, koma sindinkawawerengera.

Amalume ananditengera kuchipatala ku boma, osati chifukwa chodera nkhawa ine, koma kuti anthu a m'basi adziwe kuti iwo amadziwa kuti kuli dokotala wa mano. Tinaonetsa makhadi a chipani panjira monga zinkakhalira masiku amenewo, tinakhala pabenchi mpaka matako kuuma, kenako tinalowa. Dokotalayo anali munthu wosachedwa ndi nkhani. Anapukuta manowo ndi thonje, n'kuwaunika.

"Apa dzino layamba kufewa," anatero. "Kunja kwa dzino kuli chikamba cholimba, ndiye chikusungunuka ndi shuga ndi zowawasa. Kuyeraku si ukhondo ayi, ndi chiyambi cha kuwola. Koma silinabooke, likhoza kulimbanso."

Anati ndisiye malambe a shuga. Ndipeze mankhwala otsukira mano a m'chubu, okhala ndi fulorayidi, ndizipaka m'mawa ndi madzulo, ndizilavula thovu lokha osachukucha ndi madzi, kuti mankhwalawo azitsalira padzino. Anati ndisamakweche mwamphamvu. Anawonjeza kuti zitenga miyezi, ndipo bangalo mwina silidzachoka, koma lidzalimba. Pa mawu onsewo amalume anatolapo limodzi lokha, lakuti chubu. Machubu iwo anali nawo ambiri, otsala theka, omwe alendo ankasiya m'zipinda. Potuluka ankayenda ngati mankhwalawo anawatulukira ndi iwo.

Zikanathera pomwepo bwenzi lero ndikuluma chimanga ngati anthu ena onse. Koma nkhani inawapeza azakhali.

Azakhaliwa anali achemwali awo a bambo, Msilamu wa ku boma, wogula usipa padoko lathu n'kukagulitsa wouma kumtunda. Anali ndi mawu oti akaitana munthu ali pagombe, wa m'bwato ankatembenuka. Mano awo anali okongoladi, ndisaname. Ankatafuna mswachi wa mtengo tsiku lonse ndipo shuga sankamukonda, ndiye mano akanawola ndi chiyani? Koma iwo ankati chinsinsi chili pa mankhwala awo oyeretsera mano, omwe ankapakira akwatibwi ukwati ukayandikira: madzi a mandimu, phulusa la zitsononkho, ndi mchenga wosalala wa m'madzi. Mkwatibwi ankapakidwa kamodzi kapena kawiri, n'kukwatiwa, ndipo palibe ankabwerera kudzaonetsa mano ake patapita zaka.

Anandigwira chibwano, n'kundipendeketsera kudzuwa.

"Ndiye dokotala wanuyo akuti apa ndi podwala?" anafunsa. "Walayi, sukulu imapusitsa anthu. Apa poyerapa ndiye mtundu weniweni wa dzino! Kwinaku ndi litsiro. Poto ukamukwecha, pamene payamba kuwala ndi pamene pawonongeka? Tikwecha lonse lifanane ndi apa."

"Alamu, mwanayu ndi mbumba yanga," anatero amalume, omwe anali pomwepo pakhonde. "Za iye ndimalamula ndine."

"Mbumba ndi yanu, sindikukana. Koma manowa ndi a kwathu. Kwanu kuli munthu wa mano otere? Awa ndi mano a achimwene anga, ndipo poti iwo kulibe, wowayang'anira ndine."

"Mukufuna kukwecha mwana ngati poto?"

"Nanga inu mukufuna kumudyetsa malovu a azungu? Zotola m'bini?"

Anakangana pakhonde mpaka anthu opita kudoko anayamba kuima. Ine ndinali chikhalire pamphasa, ndipo palibe anandifunsa kanthu. Apa ndi pamene mayi anga, pofuna mtendere monga mwa masiku onse, analankhula mawu omwe ndinawakhululukira mochedwa kwambiri.

"Nanga si manowo alipo awiri," anatero motsitsa mawu. "Bwanji aliyense atenge lake, tione?"

Ine ndinkayesa aseka. Sanaseke. Anayang'anana, n'kugwedeza mitu ngati anthu ogawana munda wamasiye. Lakumanzere linapita kwa amalume, lakumanja kwa azakhali. Anagwirizana kuti nthawi yolemba ntchito ikamayandikira, anthu adzaone dzino lomwe lachira. Akuluakulu awiri, a imvi zawo, wina wopemphera Lachisanu wina Lamulungu, kugawana m'kamwa mwa mwana! Amati mapanga awiri avumbwitsa, koma ine ndinavumbwa ndili pakhonde pa mayi anga.

Amalume anabweretsa chubu chophwatalala, n'kuching'amba ndi lumo kuti tizikokota za m'kati. Anawerenga zilembo zake mokweza, kawiri, kuti oyandikana nawo nyumba amve mawu akuti fulorayidi. Kenako anatenga kamtengo ka machesi, n'kundionetsa mopakira: padzino lawo lokha, mosamala, osadutsa malire.

"Likakhudza la azakhali akowo, adzati achiritsa ndi iwo," anatero. "Mankhwala anga sagwirira ntchito anthu ena."

Ndinawakumbutsa kuti dokotala anati ndizitsuka mano onse. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati enawo ndizitsuka ndi mswachi, koma lakumanja lija ndisaliyandikize n'komwe.

Azakhali ankafika m'mawa, akamaliza kugula usipa. Ankandikhazika pamwala kuseri kwa nyumba, mutu wanga n'kuupana m'khwapa mwawo. Ankakulunga kansalu kuchala, kuviika m'mandimu, kudinda paphulusa, kudinda pamchenga, ndiye kwe, kwe, kwe. Fungo la usipa m'mphuno, phokoso la mchenga mpaka m'mutu. Nawonso ankasamala malire kuposa anthu a minda yoyandikana. Chala chinacho ankaphimba nacho dzino la amalume, ati kuopa kuwayeretsera laulere.

Poyamba dzinolo linkangoyayamira, monga zimakhalira ukadya mango osapsa. Kenako linayamba kumva mphepo. Mwera ukawomba ndinkayenda nditatseka pakamwa, ndipo madzi a mumtsuko ndinkamwera mbali imodzi. Ndinawauza azakhali kuti likupweteka.

"Ndiye kuti mankhwala akulowa," anatero.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kunena kuti dokotala analetsa zowawasa ndi kukwecha. Anasiya kukwechako, n'kundiyang'ana m'maso.

"Iwe, anakuvinira kuti uziyankha akuluakulu? Dokotala wakoyo anakubereka? Tsegula."

Ndinatembenukira kwa mayi, omwe ankapeta malambe chapafupi. Anayang'ana m'lichero mwawo ngati mwagwera ndalama. Ndinatsegula.

Malambe ndinasiyadi kudya, ndipo chubu chikatha amalume ankabweretsa china. Dzino lawo silinkaonetsa chilichonse chosangalatsa. Banga linali pomwepo, kungoti ukaligunda ndi lilime linkamveka losalala, osati lokhakhala ngati kale. Koma ndani amaona ndi lilime la mnzake? La azakhali ndiye linkaoneka ngakhale uli patali. Linayera lonse mbuu, loyera mosawala, ngati khoma lopaka laimu, moti banga lija silinkadziwikanso pomwe linali. Amayi padoko ankandiitana kuti ndimwetulire, n'kumagwedeza mitu. Azakhali anayamba kulandira ana a anthu ena oti awakweche.

Woweruza mlanduwo anali mayi tcheya wa amayi a chipani m'dera lathu. Palibe anawasankha. Masiku amenewo nkhani iliyonse yokoma inkathera kwa iwo, kaya ndi ya mbuzi yodya chinangwa, kaya ndi ya mwamuna wogona kunja. Za mano sankadziwa chilichonse, ndipo awo omwe anali ofiira ndi fodya wa chingambwe. Koma tcheya akati chambo ichi ndi mbuzi, iwe unkangofunsa kuti tiimangirire pati.

Linali tsiku loyeserera magule a msonkhano, amayi atadzaza pansi pa mtengo wa mango, ng'oma zitatsamira pamizu. Azakhali anandikokera pakati. Amalume anafika atavala malaya oyera a kuntchito, ngakhale linali tsiku lawo lopuma. Anandiuza kuti ndikweze mlomo ndi zala. Ndinaima choncho, namwali wamkulu, mano pamtunda ngati mbuzi ya pamsika, amayi akusinthana kusuzumira. Manyazi ake sindidzawaiwala.

Mayi tcheya anayang'ana lakumanja, anayang'ana lakumanzere, n'kubwereranso lakumanja.

"Apa palinso mlandu?" anatero. "Ili layera. Ili lili ndi banga lake lomwe lija. Zathu zamakolo zapambana."

Nthungululu zinalira. Mayi wina anayambitsa nyimbo, ng'oma n'kulandira, ndipo azakhali anavina pang'ono, mpango uli m'manja. Palibe anafunsa mwini mano kuti akumva bwanji. Dzino lopambanalo linali likundibaya nthawi yomweyo chifukwa cha mphepo yolowa m'kamwa motsegulamo.

Atatha kuvina, azakhali anati popeza apambana, awapatse lakumanzerenso alimalize. Mayi tcheya anali atayamba kale kugwedeza mutu movomereza. Apa amalume anadzuka, nkhope itachita mdima.

"Pepani amayi, mwaweruza bwino, sindikutsutsa," anatero, poti kutsutsa kunali kodula. "Koma dzino langa salikhudza munthu. Kaya liwole, kaya ligwe, ndi langa. Tinagawana anthu akuona."

Musaganize kuti chinali chikondi. Anali makani a munthu wochititsidwa manyazi pamaso pa amayi. Koma makani omwewo ndi amene anandisungira dzino lomwe ndili naloli. Anapitiriza kubweretsa machubu mokwiya, akuponya pamphasa osalankhula, ndipo ine ndinapitiriza kupaka ndi kamtengo ka machesi kaja.

Ntchito ndinaipeza. Bwana wa hotela anatiimika pamzere, masiketi ofika pansi pa mawondo monga lamulo linkanenera, n'kutiuza kuti timwetulire. Ndinamwetulira mlomo wam'mwamba nditautsitsa pang'ono kuti ubise banga, ndipo anandiloza. Azakhali analengeza boma lonse kuti mwana wa achimwene awo walembedwa chifukwa cha dzino lawo. Amalume anauza Nkope yense kuti anandilankhulira ndi iwo. Chingerezi changa palibe anachitchula.

Miyezi imeneyo ndinakondwa, ndinene zoona. Ndinali ndi yunifolomu yanga, nsapato zanga, ndipo ndinaphunzira kunyamula mbale zambiri dzanja limodzi. Alendo ankandifunsa dzina la nsomba ndi dzina la phiri la kutsidya, ine n'kumayankha. Bwana anati ndikapitiriza choncho adzandiika pa tebulo lolandirira alendo, pomwe munthu amakhala pampando ndi cholembera. Ndinkagona m'nyumba za antchito, kutali ndi chala cha azakhali, koma Loweruka lililonse ndikapita kwathu ndinkawapeza akundidikira ndi ndimu lodula kale. Ati dzino likasiyidwa limabwerera.

Mvula itayamba, pamwamba pa dzino lakumanja, pomwe panali banga paja, panaoneka kachikasu. Azakhali anati litsiro layambiranso, n'kuwonjezera mchenga. Kachikasu kanasanduka kofiirira. Tsiku lina lilime linapeza kadzenje. Ndinasiya kupita kwathu Loweruka, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Chikomekome cha mkuyu chija anthu amanena chinali m'kamwa mwanga. Dzenje linakula, mpunga unkatsakamiramo, ndipo ndinayamba kumwetulira alendo chotseka pakamwa. Kenako linayamba kupweteka kwenikweni, kupweteka kogunda ngati mtima, ndipo mlomo unatupa mpaka mphuno inapendekeka.

Ndinabwerera kuchipatala ndekha. Dokotala anali yemwe uja, ndipo anandikumbukira. Anagogoda lakumanzere ndi kachitsulo, n'kukanda pabanga paja.

"Ili lalimba bwinobwino," anatero. Kenako anaunika linzake. "Nanga ili munalitani?"

Ndinamufotokozera zonse, za kugawana, za machesi, za mchenga. Sanaseke, ndipo sanakalipe. Anangovula magalasi n'kupukuta m'maso. Anati kuwolako kwafika pamtsempha ndipo mafinya ali kumizu, palibenso chochita koma kuzula. Ndinapempha kuti aliike chilichonse, angolisiya liime. Anati likanakhala dzenje laling'ono akanayesa, koma apa ndikachedwa kutupako kufalikira. Ndinalira asanandibaye n'komwe jakisoni.

Atazula ndinalipempha dzinolo. Kwathu chiwalo cha munthu sasiya m'manja mwa alendo, ndipo mayi anali atanditumizira kale mawu kuti likadzazulidwa ndisalisiye. Anandikulungira m'thonje.

Kutupa kutaphwa ndinapita kuntchito. Bwana anandiitanira mu ofesi, n'kundiuza kuti ndimwetulire. Anayang'ana kamodzi, kenako anayang'ana pawindo. Sanali munthu woipa. Anati ndine mtsikana wolimbikira ndipo sandichotsa, koma ndikudziwa ndekha mmene alendo alili. Kochapira, kuseri kwa khitchini, kunkafunika munthu. Za tebulo lolandirira alendo sanazitchulenso, inenso sindinafunse.

Loweruka limenelo ndinapita kwathu, dzino lili m'thonje pakona ya mpango. Ndinkaganiza kuti mwina wina agwetsa nkhope. Ndinali ndisanawadziwebe abale anga. Ndinapeza khonde lodzaza: amalume, azakhali, mayi, ndi amayi angapo a padoko omwe anamva kuti ndikubwera.

Amalume sanandifunse n'komwe kuti ndadzuka bwanji. Anali atadziwa kale za kochapira, poti tinkagwira malo amodzi, koma nkhope yawo inkawala ngati alandira mendulo.

"Tatsegula awone!" anatero. "Mwaona? Langa lilipo! Laima lokha ngati msilikali. Ndinanena ine. Alamu, lanu lili kuti?"

"Langa analichitira nsanje," anatero azakhali, osaphethira. "Dzino loyera chonchija, anthu onse aja akuliyang'ana, mumati zitha bwino? Komanso malovu a azungu anuwo ankadutsa malire usiku. Bwera nalo kuno, mwana wanga."

Ndinamasula mpango n'kuwapatsa. Anafunyulula thonje lija, n'kulitembenuza dzinolo pachikhatho. Dzenje linali poonekera, lakuda, loti njere ya mapira n'kulowamo. Ndinadikira. Mayi anali atayang'ana pansi, akutosatosa mphasa ndi chala.

Azakhali anagwira dzinolo ndi zala ziwiri, chala chachikulu n'kuphimba padzenje paja, kusiya kunsonga kokha. Analikweza m'mwamba kuti dzuwa liliwombe, n'kulizunguliza kwa amayi aja mmodzimmodzi.

"Koma kuyera kokha mundivomereze," anatero. "Taonani kuyera!"

Amayi aja anasuzumira, n'kuvomereza kuti linalidi loyera. Lolemba m'mawa ndinakayamba ntchito kochapira.